Mabawuti Anayi pa Ulendo wa ku Vubwi

Titapuma ntchito ya uphunzitsi, anzanga ena anagula zigayo, ena anamanga nyumba za lendi. Ine ndinagula minibasi yotopa, imene inali itathera mphamvu zake pamsewu wa Katete ndi Chipata, n'kuisandutsa nyumba yoyenda. Nzeruyi ndinaitola pamalo omwetsera mafuta, tsiku lina azungu awiri okalamba ataimikapo galimoto yawo. Mkazi atatsegula chitseko cha m'mbali, ine ndinasuzumira ndipo ndinaona bedi, kachitofu, makatani, ngakhale kashelefu ka mabuku. Anandiuza kuti akuchokera ku Joni, ndipo pamene dzuwa lawalowera ndi pamene amagona. Ndinabwerera kunyumba mtima wanga utatsalira m'galimoto muja.

Chaka chathunthu ndinachithera pa ntchito imeneyi. Mipando yonse ya kumbuyo ndinaizula n'kuiunjika m'khola lakale la nkhuku. Wowotcherera zitsulo wa kumsika anandipangira bedi, ndipo tinalimanga pansi pa galimoto ndi mabawuti anayi. Padenga ndinaikapo thanki ya madzi ndi sola, m'kati chitofu cha gasi ndi kabati ya mbale. Kutsogolo kunatsala mipando iwiri yokha, wanga ndi wa mkazi wanga, chifukwa wapakati ndinauchotsa kuti pakhale batire. Madalaivala a pasiteshoni anaitcha Fulu, akuti poti imayenda itasenza nyumba yake, komanso liwiro lake linali lomwelo. Iwo ankandiseka, ine n'kumalilandira dzinalo ngati ulemu. Ine ndi mkazi wanga, amake Chisomo, tinali titagonamo kale kawiri, ku Mkaika nthawi ya mwambo wa Kulamba ndi kumsonkhano wa mpingo, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wamva kuti tinagona bwino.

Foni inalira Lachiwiri madzulo, mvula itangoyamba kumene chaka chimenecho. Inachokera kumudzi wina kupitirira pang'ono boma la Vubwi. Amalume ake a mkazi wanga, aYelemiya Mbewe, anali atadwala kuyambira nyengo yachisanu, ndipo tsopano anali atasiya kudya. Mwana wawo wamkulu ndiye ankayankhula. Anati atate akungotchula alongo awo, abwere msanga akadali ndi mawu.

Alongo awowo ndi apongozi anga, aNambewe. Anabadwira ku Vubwi komweko koma anatengedwa ali mtsikana kukakhala kwa amuna awo kufupi ndi Sinda, ndipo anakalambira kumeneko. Pa ana asanu ndi atatu a mimba imodzi anatsala awiriwo basi, ndipo panali patapita zaka zinayi asanaonane. Ine ndi apongozi anga tinkalemekezana monga mmene mwambo umafunira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati wanga, sanadyepo ine ndikuona, sitinakhalepo mpando umodzi, ndipo kupatula moni wopatsana chapatali, sanandiyankhulepo mwachindunji. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine nditakhala pomwepo, ndipo yankho langa linkadzeranso njira yomweyo.

Mkazi wanga anati zinthu n'zosavuta. M'mawa akawatenga amayi ku Sinda, akwere minibasi ya ku Chipata, kumeneko apeze ya ku Vubwi, pofika madzulo akhala atafika. Ine ndinakana. Ndinati gogo wa chiuno chodwala sangapanikizidwe ndi matumba a feteleza m'minibasi, kudikira kuti idzaze, pamene pakhomo pali galimoto yokhala ndi bedi. Ndinati tidzera msewu wafumbi wa ku Chadiza, wachidule, ndipo pofika 14 koloko tikhala tikumwa madzi ku Vubwi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ngati mwatsimikiza kuti tipite pa Fulu," anatero, "chotsanimo bedi, mubwezeremo mpando umodzi wautali uja. Amayi sangakhale pamene timagona ife."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti iyi ndi galimoto, si chipinda, ndipo zinthu zimenezo n'zakale. Ndinawonjezera kuti bedi ndilo liwathandize amayi, agona tambalale osamva mabampu. Zonsezi ndinanena ndi mawu a mphunzitsi wamkulu, amene zaka makumi atatu sanatsutsidwepo ndi munthu m'kalasi. Koma lero ndinene zoona. Chimene ndinkafuna n'chakuti abale a ku Vubwi akaione Fulu yathunthu, ndi bedi lake loyalidwa bwino, akadziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wanzeru. Minibasi yokhala ndi mpando aliyense anaionapo.

Tinafika kumudzi kwa apongozi dzuwa litangotuluka. Tinawapeza atakhala kale pakhonde, atavala duku loyera la amayi a mumpingo, kathumba kali pamiyendo. M'kathumbamo munali bulangete latsopano ndi nsinjiro zimene anasinja usiku, chifukwa alongo awo ankakonda phala lotendera kuyambira ali mwana. Ndinatsegula chitseko cha m'mbali ndi manja awiri ngati ndikutsegulira nduna. Anafika, anaponda phazi limodzi pachitsulo chokwerera, n'kusuzumira. Pabedi paja ndinali nditayalapo nsalu yoluka imene iwo omwe anatipatsa pa ukwati wathu. Ndinkati asangalala poiona. Phazi lija analibweza pansi pang'onopang'ono.

Anayankhula ndi mwana wawo motsitsa mawu, koma ndinamva. Anati uwauze atate ake Chisomo kuti ine ndikhala pansi apa, pafupi ndi chitseko, pali bwino. Mkazi wanga anayesa kuwapatsa mpando wake wa kutsogolo kuti iye akhale pabedi, koma mpando umenewo unali phewa ndi phewa ndi mkamwini, ndipo anangopukusa mutu. Tinayesa kampando kamatabwa ka m'nyumba, koma galimoto itangosuntha kanapendekeka n'kutsala pang'ono kuwagwetsa. Mapeto ake anapinda chitenje kanayi, n'kuchiyala pachitsulo, n'kukhala pamenepo atatembenukira kuchitseko, msana ataulozetsa kubedi. Ine mumtima ndinati akatopa akwera okha.

Pobwerera tinadutsanso pa Katete, ndipo ndinaima kuthira dizilo. Kutsidya kwa msewu minibasi ya ku Chipata inali itatsala anthu awiri kuti inyamuke, woitanira akukuwa. Kunyumba kwathu, kumene mpando wautali uja unali m'khola, kunali mtunda woyenda mphindi zisanu. Mkazi wanga anayang'ana minibasi, anayang'ana njira ya kwathu, kenako anayang'ana ine. Sakanandidzudzula pamaso pa amayi ake. Ndinamva bwinobwino zimene maso akewo ankanena, koma ndinaliza galimoto n'kukhotera kumsewu wafumbi. Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo mwambi umenewu ndinauphunzitsa ana ambirimbiri.

Amene anayendapo pamisewu yathu ya m'midzi akudziwa timizere topingasa timene malole a thonje amasiya pamsewu. Mankhwala ake ndi kuthamanga, matayala azingodumpha pamwamba. Ndinayesa kutero, koma pagalasi ndinaona apongozi akunyamuka ndi kugwa pachitsulo paja, dzanja limodzi litagwira chitseko, lina litakumbatira kathumba. Sanabuule ngakhale kamodzi. Mkazi wanga anandigwira pabondo, ndipo ndinachepetsa liwiro mpaka anthu a panjinga anayamba kutipitirira, ena akutipatsa moni wautali ndithu poti nthawi inalipo. Fulu inafanana ndi dzina lake tsiku limenelo.

Pakatha theka la ola apongozi ankauza mwana wawo kuti tiime pang'ono awongole mwendo. Kutsika kunali ntchito, kukwera kunali ntchito ina, ndipo ine sindikanawagwira dzanja, ndinkangoima uko n'kumayang'ana minda ya eni ake ngati ndikufuna kuigula. Anthu anali kalikiliki kubzala chimanga ndi mtedza m'nthaka yonyowa. Nthawi iliyonse tikanyamukanso ndinkauza mkazi wanga mokweza kuti bedi lija lili ndi matiresi atsopano, sanagonepo munthu nthawi yaitali. Ankangondiyankha kuti yendetsani galimoto.

Tisanafike ku Chadiza tayala la kumbuyo linaphulika pamwala wakuthwa. Pamalopo msewu unali wopapatiza ndiponso wokhota, choncho ndinathyola nthambi zamasamba n'kuziika pamsewu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuchenjeza magalimoto ena. Ndili pansi kulimbana ndi jeke m'dothi lofewa, panafika bambo wina panjinga. Ataona masamba aja anatsika, anavula chipewa, n'kumakankha njinga yake mwakachetechete, mutu uli pansi. Kwathu masamba opingasa pamsewu amatanthauza kuti pamudzipo pali maliro, ndipo wodutsa amatsika panjinga. Atazungulira galimoto n'kuona miyendo yanga itatulukira pansi pake ikuphiriphitha, anaseka mpaka kukhala pansi. Anati anali atakonzeka kale kupepesa anamfedwa. Ine ndi mkazi wanga tinaseka naye. Apongozi, amene anali atakhala pamthunzi chapatali, sanaseke, anangoyang'ana masamba aja kenako n'kuyang'ana kumbali.

Tayala litalowa, ndinati tidye, poti dzuwa linali litafika pamutu. Apa ndiye ndinapeza mpata woonetsa chitofu changa. Ndinawiritsa tiyi, ndinakazinga mazira, ndinatulutsa ngakhale kathebulo kopinda ndi makapu atatu ofanana. Mkazi wanga anatenga kapu imodzi ndi mbale n'kupita nazo kuseri kwa chulu, kumene amayi ake akanadya osaonedwa ndi ine. Ndinadya ndekha pathebulo langa lokongola. Kuphika, kudya mosiyana, kutsuka ndi kulongedza kunatidyera ola lathunthu. Ndikupukuta makapu ndinaona kuti kum'mawa, kumene tinkalowera, kumwamba kwayamba kuda.

Pa Chadiza tinangoima kumatitsa tayala lophulika lija. Womata matayala anandifunsa kumene tikupita, ndipo nditamuuza anayang'ana mitambo n'kunena kuti ngati ndi choncho musachedwe, pali kamtsinje kena kutsogoloko kamene sikachedwa kukwiya. Mkazi wanga anaimbira ku Vubwi. Anamuuza kuti amalume lero atsitsimukako, auza anthu kuti awakhazike tsonga, ndipo afunsa ngati alongo awo anyamuka. Apongozi atamva zimenezi anakana kutsikanso kuwongola mwendo. Anati uwauze athamange, ine ndipirira.

Ndinathamangadi monga mmene msewu unalolera, koma mvula inatipeza. Sinali mvula yoopsa pamene tinali ifepo, inali itagwa yambiri kumapiri. Tinafika pakamtsinje kaja cha m'ma 16 koloko. Panalibe mlatho weniweni, panali simenti yoyalidwa pansi imene galimoto imadutsapo madzi akakhala ochepa. Tsopano simentiyo sinkaoneka. Madzi ofiira ankathamanga atanyamula zitsotso ndi mapesi, ndipo ndodo imene ndinaviika m'mphepete inanyowa kufika m'chiuno mwanga.

Pambali panali bambo wachikulire ndi ngolo yake ya ng'ombe ziwiri, atafunda thumba la feteleza kumutu. Anati dzina lawo ndi aTembo, mkulu wa mpingo wa m'deralo, ndipo munda wawo uli tsidya lomwe tinaima ifelo. Ndinawafunsa kuti madziwa afika liti. Anati posachedwapa, lole ya thonje yawoloka ola lisanathe, matayala osanyowa n'komwe. Ola limodzi. Ndinaima pamvula paja n'kumawerenga mumtima: tiyi ndi mazira, kuima kuwongola mwendo kasanu ndi kawiri, liwiro la njinga kuchokera ku Katete. Maola amene ndinataya anali oposa atatu, ndipo onse ankabwerera pachinthu chimodzi chimene chinali chitayalidwa bwinobwino m'galimoto mwanga, chopanda wokhalapo.

Patapita nthawi kunabwera mnyamata wa njinga yamoto, wa aja onyamula anthu. Anati kumtunda kuli kamlatho ka mitengo kamene njinga imawoloka, ndipo akhoza kuwafikitsa agogo ku Vubwi kusanade kwenikweni. Apongozi anavomera msanga, asanafunse n'komwe mtengo wake. Mkazi wanga anawatsitsa m'galimoto, koma ataima, mwendo wa kumanzere unakana kuponda. Maola asanu ndi atatu a pachitsulo anali atachita ntchito yake. Anayesa katatu kukwera panjinga paja, atagwira mwana wawo m'khosi, milomo italumidwa, koma chiuno chinakana kupindika. Kachitatuko anangotsetsereka n'kukhala pansi m'matope. Wanjinga anadikira pang'ono, anapepesa, n'kupita kukanyamula ena.

Ndinauza mkazi wanga kuti palibe vuto, ine ndigona panja pansi pa lona, iwo awiri agone m'kati, pabedi, atseke makatani. Ndinkaona ngati ndapereka nsembe yaikulu. Mawu anabwerera kudzera mwa mwana wawo kuti zikomo, koma iwo akhala pachitseko pomwepo mpaka kuche. Apa aTembo, amene ankamvetsera zonsezi, anabwera n'kusuzumira m'galimoto muja. Anayang'ana bedi, nsalu yoluka, mapilo awiri ogundana, kenako chitenje chopinda chili pansi pafupi ndi chitseko. Anandikokera pambali, kuseri kwa ng'ombe zawo.

"Aphunzitsi, amayiwa ndi ndani wanu?"

"Apongozi anga."

Anapukuta madzi kumaso. "Ndiye mwawayendetsa tsiku lonse m'chipinda mwanu?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi galimoto, koma mawu aja amene anamveka anzeru ku Katete, pano anandithera m'kamwa. Munthu wosandidziwa anaona m'kuphethira kumodzi chimene mkazi wanga anandiuza dzulo lake ine n'kuseka. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

ATembo anabwerera kungolo yawo. Anayala udzu m'ngolo, ndipo iwo ndi mkazi wanga anawanyamula apongozi n'kuwagoneka m'menemo. Anati kwawo ndi kumtunda, mtunda woyenda pafupifupi ola pa ng'ombe, kanjira kake galimoto singadutse, ndipo akazi awo akawathowa mwendowo ndi madzi otentha. Ndinaima n'kumayang'ana ngolo ikukwera chitunda mpaka inabisika m'mitengo. Ndinatsala ndekha ndi nyumba yanga yoyenda, magetsi a sola akuwala, thanki yodzaza madzi, chakudya cha masiku atatu. Bedi lija sindinagonepo. Ndinakhala pampando woyendetsera mpaka kunja kunayera.

M'mawa madzi anali ataphwa. Simenti ija inkaoneka, timadzi tikungoyenderera pamwamba pake mofika m'kakolo. Pofika 6 koloko njinga zinayamba kuwoloka, kenako kagalimoto konyamula mbuzi. Fulu ikanawoloka nthawi yomweyo. Koma apongozi anali kumtunda kuja, osatha kuyenda, ndipo ng'ombe zimene zikanawabweretsa zinali zitapita kumunda mbandakucha. Mvula yoyamba mlimi saiseweretsa, ndipo aTembo anali atalonjeza kale kulimira mayi wina wamasiye m'mawa umenewo. Sindikanawaimba mlandu. Ndinayenda wapansi mpaka kwawo, n'kupeza apongozi atakhala pakhonde, duku kumutu, kathumba pamiyendo, monga mmene ndinawapezera ku Sinda. Maso awo anali kunjira ya kumunda. Foni sinkagwira kumeneko, choncho palibe amene ankadziwa za ku Vubwi.

Ng'ombe zinamasulidwa kumunda dzuwa litakwera ndithu. Tinafika pagalimoto itakwana 11 koloko. Akazi a aTembo anatipatsa thumba lodzaza makoko a mtedza kuti likhale chokhalira, ndipo apongozi anakhalanso pamalo awo a pachitseko. Tinawoloka kamtsinje kaja mosavuta, mwina m'masekondi khumi. Kutsidya msewu unali matope okhaokha, tinatitimira kawiri, anthu a m'minda n'kutikankha. Zimenezo sindizikumbukira bwino. Ndikukumbukira kuti titafika pamene foni imagwira, mkazi wanga anaiyang'ana n'kuibwezera m'chikwama osaimba.

Tinadutsa boma la Vubwi, tinakhotera kukanjira ka kumudzi. Apongozi anali atadzikoka n'kugwada kuti aziona pawindo, akutchula mayina a midzi ndi mitengo imene ankaidziwa. Titakhota pamtengo wamango waukulu, ndinaona masamba. Nthambi zatsopano, zobiriwira, zitayalidwa mopingasa njira yonse. Patsogolo pake mayi wina ankakankha njinga. Ndinaponda buleki pang'onopang'ono mpaka galimoto inaima, ndipo ndinavula chipewa. Kumbuyo kwanga ndinamva kathumba kaja kakugwa pachitsulo, kenako apongozi anga anayamba kulira, kutchula alongo awo ndi dzina laubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo.

AMbewe anamwalira m'mawa womwewo cha m'ma 10 koloko, ife tikudikira ng'ombe. Mwana wawo anatiuza pambuyo pake, osati modandaula, ankangofotokoza mmene zinayendera. Anati dzulo lake madzulo atate anali ndi mphamvu zodabwitsa. Anauza anthu kuti ayale mphasa pambali pawo, pokhala alongo awo. Akamva kulira kwa injini kumsewu, kaya njinga yamoto kaya chigayo, ankadzutsa mutu n'kufunsa ngati ndi iwowo. Anati ali ndi mawu oti awauze aNambewe okha, ndipo ana atawapempha kuti anene kuti adzawafikitsire, anakana. Kutada anasiya kufunsa. Mawuwo anapita nawo, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa kuti anali otani. Nsinjiro zija amayi a kukhitchini anatendera ndiwo za anthu obwera pamaliro.

Pamaliro mkamwini sakhala pansi, ndipo ine ndinathokoza kuti panali ntchito yobisalamo. Ndinawaza nkhuni, ndinatunga madzi ndi thanki ya Fulu. Anthu ankabwera kudzaizungulira galimoto ija, kusuzumira pamawindo ndi kuyamikira, monga mmene ndinkalotera ndili ku Katete, koma ndinkangofuna atachoka. M'mawa mwake akuluakulu anandiitana. Bokosi linali litakhomedwa kwa kalipentala ku boma, ndipo kumanda a banjalo kunali kutali ndi mudzi, tsidya la dambo. Galimoto yotchinga pamudzipo inali yanga yokha. Anafunsa ngati bokosi lingalowemo. Ndinati lilowa, koma ndiyambe ndachotsa bedi.

Sipanala inali m'thumba la chitseko changa, pamene inakhala ulendo wonse, pafupi ndi bondo langa. Ndinagwada n'kuyamba kumasula. Mabawuti aja anali atsopano, opaka girisi, sanalimbe n'komwe. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Amuna awiri anagwira uku ndi uku, bedi linatuluka n'kukatsamira pankhokwe. Chizolowezi cha uphunzitsi n'choipa, ndinapezeka ndayang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi zitatu. Ndinakhala pansi m'galimoto yopanda kanthu ija, sipanala ili m'manja, ndipo ndinalira kuposa mmene mkamwini amayenera kulirira amalume a mkazi wake. Anthu ankati aphunzitsiwa anali kuwakonda aMbewe. Mkazi wanga yekha ndiye anadziwa, ndipo anabwera n'kutseka chitseko kuti anthu asandione.

Ndinawanyamula aMbewe kuchokera kunyumba kupita kutchalitchi, kuchokera kutchalitchi kupita kumanda, pang'onopang'ono, amayi a mumpingo akuimba pambuyo. Fulu sinagwedeze bokosi ngakhale pamabampu a padambo.

Tinakhala masiku asanu. Pobwerera bedi ndinalisiya komweko, ndinapatsa mwana wa malemu. Akuluakulu a mpingo anatibwereka benchi, ndinalimanga ndi zingwe kumbuyo kwa mipando yathu n'kuyalapo bulangete. Apongozi anafika pachitseko, anasuzumira, anakwera n'kukhala pabenchipo osafunsa kanthu, mwana wawo pambali pawo. Tinadzera msewu wa ku Chipata. Tinanyamuka m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titafika ku Sinda.

Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, oti ndiuze mkazi wanga kuti awauze. Ndinawatembenuza uku ndi uku, koma madzi akatayika saoleka, ndipo chilichonse chimene ndinkaganiza chinkamveka chopepuka. Titafika pakhomo pawo, mkazi wanga anawatsitsa n'kulowa m'nyumba kukasiya katundu. Ine ndinaima patali monga mwa nthawi zonse, chipewa chili m'manja. Apongozi anatsamira ndodo yawo, anayang'ana galimoto ija kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anayankhula ndi ine mwini, popanda wodutsiramo. Mawu awo anali ofatsa, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Atate ake Chisomo, zikomo. Galimoto yanu ndi yabwino. Alongo anga ayendamo bwino."